Pampu ikafa, tiuzeni adadziwa ndani

Luso lamakono m'dziko muno limagwira ntchito bwino kwambiri pamalo amodzi: potolera ndalama kwa anthu. Mayi wogulitsa madzi oundana kwa asodzi ku Monkey Bay akagula mayunitsi a magetsi pa Airtel Money kapena pa Mpamba, uthenga umagwa m'foni nthawi yomweyo, manambala onse 20 ali bwinobwino. Mayunitsi akatha mita imadula pomwepo, kaya ndi pakati pa usiku, kaya m'nyumbamo muli wodwala. Kompyuta ya ku likulu imadziwa dzina lake, nambala ya mita yake ndi tsiku lomwe adagula komaliza. Pamenepa simumva munthu akuti ndalama zakunja zasowa.

Tsono ipse thiransifoma yomwe imapatsa magetsi dera la mayiyu. Luso lonse lija limathera pomwepo. Anthu aziimba foni, azipita okha kukanena, masiku n'kumapita, madzi oundana n'kusungunuka, chambo ndi utaka n'kumaonongekera pa doko. Mukafunsa kuti thiransifomayo idayamba liti kutentha, mafuta ake adayezedwa liti komaliza, idasenzetsedwa nyumba ndi zigayo zingati kuposa mphamvu yake, mudzazunguliridwa maofesi mpaka mutatopa. Izi ndi zomwe zikundipsetsa mtima. Dziko lomwe mu 2017 lidalemba anthu oposa 9 miliyoni m'kaundula wa ziphaso za unzika, ndi zidindo za zala zawo zomwe, m'miyezi yowerengeka chabe, lisatinamize kuti kusunga mbiri ya mapampu, majenereta, mathiransifoma ndi mainjini ake n'kovuta. Sitikufuna basi.

Makina sangofa lero ndi lero. Amayamba kudandaula kudakali milungu, nthawi zina miyezi. Bering'i ikayamba kutha imatentha, ndipo kanjenjemeredwe ka pampu kamasintha. Mota yolemedwa imakoka magetsi ochuluka kuposa masiku onse. Oyilo wa injini yomwe ikudyeka m'kati amakhala ndi tizidutswa ta chitsulo. Pampu yomwe mapiko ake aperepeseka ndi mchenga wa m'nyanja imadya magetsi omwewo, koma madzi n'kumatuluka ochepa. Amakaniko athu zonsezi amazidziwa. Ndidaonapo bambo wina wachikulire m'kanyumba ka mapampu m'mphepete mwa nyanja muno. Adatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga yake n'kugunditsa pa chivundikiro cha bering'i, chogwirira n'kuchikanikiza pa khutu, maso ali chitsinzinire. Kenaka adakhudza chitsulocho ndi kuseri kwa dzanja, n'kulichotsa msangamsanga. Adatiuza kuti bering'iyo ikatha mwezi ndiye kuti ndi mwayi. Adalemba m'buku lake lachikuto cholimba, lothimbirira ndi girisi, lipoti n'kutumiza kwa mabwana.

Yankho lake tonse tikulidziwa chifukwa ndi lomwe limabwera paliponse: dikirani, fandingi sidabwere. Lipoti limalowa m'dirowa. Tsiku lomwe bering'i ikugwira, imapita ndi shafiti, nthawi zina n'kuotcha ndi mota yomwe. Chomwe chikadatheka ndi kachitsulo kamodzi ndi theka la tsiku chimasanduka kudikira sipeya wochokera ku Joni kwa milungu. Mipope ikauma, amayi amatenga zidebe kulowera kunyanja ndi ku Shire, komwe kuli ng'ona ndi likodzo. Mangochi ndi boma lomwe lidali m'gulu la okhudzidwa kwambiri ndi mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, womwe udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Ku Mangochi pampu yakufa ndi nkhani ya maliro.

Ndipo tinene mosapsatira mawu: kufa kwa makina kuli ndi odyerapo. Kugula bering'i ndi girisi pa nthawi yake mulibe chonona, ndalama yake ndi yochepa, ndipo palibe nduna yomwe ingabwere ndi mdipiti wa galimoto kudzadula riboni chifukwa makaniko wathira girisi. Koma pampu ikafa, tauni ikauma, zonse zimasanduka zadzidzidzi. Ndondomeko zogulira katundu zimafupikitsidwa, mtengo umakwera, maulendo ndi maalawansi zimabadwa. Munthu amene amapindula ndi chipwirikiti chotere sangakonde kaundula woonetsa poyera kuti vutoli lidanenedwa kale, tsiku lakuti, kwa uje.

Luso lomwe ndikunenali si lamatsenga. Pali tizipangizo tokwana m'dzanja tomwe timamatidwa pa mota kapena pa pampu, n'kumayeza kutentha, kunjenjemera ndi magetsi omwe akukokedwa. Pali mamita oyeza madzi odutsa m'paipi, ndi ena oyeza dizilo wotsala m'thanki. Manambalawo amatumizidwa kudzera pa netiweki ya foni yomweyi kupita ku kompyuta, komwe makina alionse ali ndi tsamba lake: adagulidwa liti, kwa yani, pa mtengo wanji, agwira maola angati, adasinthidwa chiyani, ayenera kuonedwanso liti. Manambala akachoka m'malire ake, uthenga umapita pa foni ya makaniko ndi ya bwana wake nthawi imodzi, ndipo tsiku ndi ola zimalembedwa.

Mayi aliyense wa kwa Mponda kapena ku Katuli amakadziwa kabuku ka kusikelo. Mwezi ndi mwezi mwana amakwezedwa pa sikelo, mlangizi wa zaumoyo n'kuika kadontho, timadonthoto n'kupanga mzere. Mzerewo ukayamba kutsika, mlangizi sadikira kuti mwana atupe mapazi. Chimenechi ndi chomwe ndikufuna pa makina alionse ogulidwa ndi msonkho kapena ngongole ya Amalawi. Ndipo monga kabukuko kamakhala m'manja mwa mayi, osati m'dirowa ya dokotala, mbiri ya makinawa ikhale poti eni ake, omwe ndi ife, tingathe kuiona.

Phindu lake lenileni lili pa mafunso atatu omwe lero sayankhidwa: adadziwa ndani, adadziwa liti, adachitapo chiyani? Amisiri ena amaopa kuti makompyuta abwera kudzawalanda ntchito kapena kudzawazonda. Abale anga a maovolosi, kaundulayu ndi mboni yanu. Lero zinthu zikaonongeka woyamba kuimitsidwa ntchito ndi inu, pomwe amene adakhalira lipoti lanu akukwezedwa. Kompyuta simanga nati, sisintha bering'i. Chomwe ingachite n'kuonetsetsa kuti zomwe khutu lanu lamva zisakwiriridwe.

Wina asati izi ndi za ku Ulaya. Ku Kitui m'dziko la Kenya, akatswiri a ku yunivesite ya Oxford adaika tizipangizo m'zogwirira za mijigo, totumiza uthenga woonetsa ngati mjigo ukupopedwa kapena waima. Ataphatikiza zimenezi ndi amakaniko okhala chire ndi masipeya, nthawi yodikira kuti mjigo ukonzedwe idatsika kuchoka pa pafupifupi mwezi kufika pa masiku osapitirira atatu. Kwathu konkuno, pa mgwirizano wa Millennium Challenge Corporation wa madola 350.7 miliyoni, womwe udayenda kuyambira 2013 mpaka 2018, ESCOM idalandira makina otchedwa SCADA, omwe amathandiza mainjiniya ku Blantyre kuona ndi kuwongolera masiteshoni akuluakulu a magetsi ali pa kompyuta. Ndi thandizo la boma la Scotland ndi yunivesite ya Strathclyde, mijigo ndi zitsime zoposa 100,000 zidalembedwa m'kaundula wa pa intaneti wotchedwa mWater, chilichonse ndi malo ake enieni. Ngakhale eni malole ndi eni njinga zamoto za kabaza amaika kachipangizo kolondola komwe katundu wawo ali, chifukwa ndalama yake idatuluka m'thumba mwawo. Luso tili nalo, tidaligwirapo kale. Chomwe chikusowa n'choti litsike kuchoka ku masiteshoni akuluakulu lifike pa thiransifoma ya ku Namwera, pa jenereta ya chipatala chaching'ono cha kumudzi, pa mjigo wa ku Makanjira, komanso kuti zolembedwa kamodzi zizitsitsimutsidwa. Mjigo womwe udalembedwa kuti uli bwino zaka zisanu zapitazo mwina lero mwamera udzu.

Makina okhudza kwambiri moyo wa anthu a ku Mangochi sali ku Mangochi n'komwe, ali ku Liwonde. Kamuzu Barrage, yomangidwa mu 1965 n'kukonzedwanso ndi ndalama za World Bank zaka zingapo zapitazo, ili ndi zitseko 14 zomwe zimalamula kuchuluka kwa madzi otsika mu Shire. Mukatseka kwambiri, madzi amachedwa kuchoka ku Malombe ndi kunyanja. Mukatsegula kwambiri, mwaika pachiswe malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndi anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje, komanso mwataya madzi omwe mudzawalire chilala chikadza. Si ntchito yamasewera, ndipo omwe amaigwira ndimawalemekeza.

Koma taonani zomwe zidachitika mu 2024. Nyanja idakwera kupitirira mamita 476 pamwamba pa nyanja yamchere, madzi n'kulowa m'nyumba, m'minda ndi m'malo ogona alendo kuyambira ku Mangochi mpaka ku Salima ndi Nkhotakota. Anthu adakwiya, ambiri n'kumati zitseko za ku Liwonde zatsekedwa dala pofuna kusunga madzi a magetsi. A National Water Resources Authority adafotokoza kuti kutsegula mopitirira muyeso kukadamiza a kumunsi. N'kutheka ndithu kuti ankanena zoona. Koma munthu amene madzi amufika m'maondo m'chipinda mwake sakhutira ndi chikalata chotuluka mwa apo ndi apo m'Chingerezi. Pomwe palibe manambala pamamera mphekesera, ndipo mphekesera zikamera anthu amasiya kumvera ngakhale chenjezo loona.

Mulingo wa nyanjayi wakhala ukulembedwa kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Manambala amenewo ndi omwe amatiuza kuti pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja idatsika mpaka madzi adaleka kutulukira mu Shire, ndi kuti cha mu 1980 idakwera kuposa umo idakwerera mu 2024. Anthu a ndodo yoyezera ndi pensulo adatisiyira chuma chimenechi. Ife a mafoni m'matumba tikulephera chiyani? Tsiku ndi tsiku mulingo wa nyanja, kuchuluka kwa madzi omwe akudutsa ku Liwonde ndi zomwe akatswiri akuyembekezera m'milungu iwiri ikudzayo ziziwerengedwa pa Dzimwe Community Radio ndi mawailesi ena, m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndipo zizifika pa foni ya aliyense wofuna. Ndiponso nambala ya 476 ilibe tanthauzo kwa msodzi wa ku Nkope kufikira itaonekera pansi. Zikani mizati yopentedwa m'magombe, yoonetsa pomwe madzi amafika pa mulingo uliwonse. Akuluakulu adatikumbutsa kuti malamulo saloleza kumanga kufupi kwambiri ndi madzi, ndipo n'zoona. Nanga mzerewo adauonetsa ndani pamchenga anthu asadathire maziko? Mapulani a nyumba zomizidwazo adadindidwa ndi yani?

Tipite ku doko la Monkey Bay. Ilala idapangidwa ku Scotland mu 1949, idabwera m'zidutswa n'kulumikizidwa konkuno, ndipo idayamba kunyamula anthu mu 1951. Zaka zoposa 70 ili pamadzi. Kuti ikadayandamabe mpaka lero ndi manja a amisiri a ku Monkey Bay, anthu omwe amadziwa paipi iliyonse ya m'mimba mwake. Koma nzeru zambiri zotere zimakhala m'mitu ya madoda omwe akupuma pantchito, ena akutisiya. Mu 2010 boma lidapereka ntchito yoyendetsa sitima ku kampani ya Mota-Engil kudzera mu Malawi Shipping Company. Oyendetsa amabwera n'kupita, sitima ndi ya Amalawi. Mgwirizano uliwonse wobwereketsa katundu wa boma uzinena momveka kuti mbiri ya mainjini, maola omwe agwira, kukhuthala kwa zitsulo za pansi pa sitima komanso tsiku lomwe idakwezedwa kumtunda kukaunikidwa, zonsezo n'za boma, ndipo zizisungidwa mwa njira yoti wobwera pambuyo azipeza zathunthu. Wokwera wa ku Likoma ndi Chizumulu ali ndi ufulu wodziwa kuti sitima yomwe akukwezapo ana ake idaunikidwa liti, komanso kumva kudakali nthawi kuti mwezi wakuti ikhala ikukonzedwa, osati kukamvera pa gombe katundu ali pamutu.

Ku Nkhudzi Bay kuli mapampu, mapaipi ndi thanki zatsopano za Southern Region Water Board, zomangidwa ndi ngongole ya Kuwait Fund pambuyo pa mkangano waukulu wokhudza phiri la Nkhudzi, lomwe lili m'nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park. Popeza tidalolera kukhudza malo osowa chotere kuti anthu amwe madzi abwino, kungakhale kulakwira dziko kawiri kulekerera zipangizozo kuti zife ngongole isadathe. Nthawi yoyamba kulemba ndi ino, makina akadali atsopano, kuti tidziwe kalilidwe kawo ali bwino. Mabungwe athu a madzi amavomereza okha kuti gawo lalikulu la madzi omwe amapopa limatayikira m'njira. Mita pa gwero, mita polowera dera lililonse, n'kuyerekeza manambala a usiku anthu atagona: pomwe madzi akuyendabe kwambiri ndiye kuti paipi yaphulika kapena wina walumikiza mwakuba. Asadatikwezere mtengo wa madzi, atiuze kaye kuti atseka mabowo angati.

Komabe ndikadakhala wonama ndikadati kugula makompyuta ndiye kuthana nazo. Amalawi tidapsapo kale. Cashgate ya 2013 idachitikira m'kati mwa IFMIS, makina a pa kompyuta oyendetsera chuma cha boma. Anthu ankalowetsa malipiro abodza, macheke n'kutuluka, kenaka n'kufufuta zolembedwazo, ndipo ofufuza a Baker Tilly adapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidapita m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Nyanja itatsika mu 2016 ndi 2017, magetsi n'kumazima usana wonse, dziko lidabwereka majenereta a Aggreko, ndipo mu 2018 zidamveka kuti dizilo woposa malita 3 miliyoni wogulidwira majeneretawo wasowa. Jenereta imadziwika kuti imamwa malita angati pa ola. Kuyerekeza dizilo wolowa ndi magetsi otuluka tsiku ndi tsiku ndi samu ya ku pulayimale, ndipo manambalawo akadakhala poyera, kusowako kukadaoneka m'sabata yoyamba. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kudaima kwa milungu, Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera n'kuuza Nyumba ya Malamulo kuti makina a nthambi yoona zolowa ndi kutuluka alowereredwa ndi anthu ofuna dipo. Dziko lonse lidaona kuopsa kokhala ndi makina omwe makiyi ake sali m'manja mwako.

Choncho amene akubwera ndi mapulogalamu okongola, ma wekishopu a m'mahotela a m'mbali mwa nyanja ndi zikwangwani zowala, tiwafunse zolimba. Kodi zolembedwa zingafufutidwe popanda kusiya phazi la wofufutayo? Kodi manambalawo ndi a boma la Malawi kapena a kampani yomwe yagulitsa pulogalamuyo? Mgwirizano ukatha, tidzatsala ndi chiyani? Ophunzira a ku MUBAS ndi MUST, ndi amisiri ophunzitsidwa kudzera ku TEVETA, aphunzitsidwa kukonza ndi kusintha zinthuzi, kapena kachipangizo kakafa tiziitanitsa munthu pa ndege? Koposa zonse, kodi mu bajeti muli ndalama yogulira bering'i yomwe kompyutayo inene kuti yatha? Chenjezo lofika pa foni ya makaniko yemwe alibe sipeya, alibe mafuta a njinga yamoto, ndi kumuzunza chabe.

Ena ati netiweki imavuta ku Makanjira, tizipangizoti tibedwa, ndalama zakunja kulibe. Zonsezo ndi zoona, ndipo palibe luso lomwe likadaletsa namondwe Ana kugumula Kapichira mu Januwale 2022 n'kutilanda pafupifupi mamegawati 130. Koma makina athu ambiri saphedwa ndi namondwe, amaphedwa ndi kulekerera. Chiyambi chake sichifuna madola. Chifuna nambala yopentedwa pa makina alionse, foni m'manja mwa woyang'anira, ndi lamulo loti sabata iliyonse alowetse zomwe waona, netiweki ikapezeka zipite. Tizipangizo todziyezera tokha tiyambire pa makina omwe akafa anthu amafa nawo: mapampu a madzi akumwa, majenereta ndi mafiriji a katemera m'zipatala, mainjini a sitima. Padakafunda padajiwitsa galu, ndipo ife takhala tikuti tiyamba chaka chamawa kuyambira kalekale.

A bwanamkubwa ndi makhansala a Mangochi, yambani ndi zanu. Tulutsani mndandanda wa makina onse a khonsolo, wa zipatala ndi wa mijigo, muonetse ogwira ntchito ndi akufa, ndi tsiku lomwe adafa, muupachike pa bolodi ndi pa intaneti, muziukonzanso mwezi uliwonse. Aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo, ngongole iliyonse yogulira makina ikabwera kuti muivomereze, kanani kufikira mutaona mzere wa ndalama zosamalira makinawo ndi ndime yonena kuti mbiri yake idzakhala poyera. Mamfumu athu, pamisonkhano ya chitukuko musamangofunsa za mjigo watsopano, funsaninso za akale omwe adaima.

Ndipo inu awerengi, musadikire kuti atikomere mtima. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Madzi akasiya kutuluka, thiransifoma ikapsa, jenereta ya pa chipatala ikakana kulira, makomiti a m'midzi, magulu a asodzi ndi eni mabizinesi lembani kalata. Funsani tsiku lomwe makinawo adaonedwa komaliza, lipoti lomwe makaniko adalemba ndi dzina la ofesi yomwe idalilandira. Sungani kope yodindidwa. Akakukanizani kapena akangokhala chete, kadandauleni ku Malawi Human Rights Commission, yomwe idapatsidwa udindo woonetsetsa kuti lamuloli likutsatidwa.